Nthano ya Agiriki koma yolembedwa mwa ndakatulo, mumaiwerenga bwanji abale?

Kadzidzi_wausiku

Abale ndithandizeniko maganizo. Ndayamba kuwerenga Autobiography of Red ya Anne Carson, ija inatuluka mu 1998, akuti ndi novelo koma yonse yalembedwa m'mizere ngati ndakatulo, nde ine mutu waima kuti ndiziiwerenga motani. Ndikathamanga mmene timachitira ndi novelo ndikumaona ngati ndikuponda zinthu zofunika osaziona, ndikati ndidekhe pa mzere uliwonse nkhani ikumandithawa moti pofika chaputala chotsatira ndimakhala ndaiwala kuti tinali pati. Chinanso bukuli silikuyambira pa nkhani ayi, layamba ndi zokamba za mlakatuli wina wakalekale dzina lake Stesichoros, kenako tizidutswa ta ndakatulo yake, kenako masamba ena ofunsa ngati Helen, mkazi wa m'nthano ya nkhondo ya ku Troy, anamuchititsa khungu kapena ayi.

Nde mafunso anga ndi awa. Kodi ndikuyenera kuidziwa kaye nthano ya Geryon ndi Herakles ndisanapitirize? Zakumayambirirozi ndingazidumphe? Komanso chenicheni chimene ndikufuna kumvetsa, munthu amene ali ndi nkhani yoti afotokoze, kuidula m'mizere choncho kumamuthandiza chani chimene chiganizo wamba sichingachite? Ndikufunsa ndi mtima umodzi chifukwa mwana Geryon uja ndamukonda kale, sindikufuna kulisiyira panjira bukuli.

Nangondo

A Kadzidzi, nthanoyo ndi yaifupi, simufunika kukaifunafuna kutali, ndikuuzeni pompano. Herakles, amene Aroma ankamutchula Hercules, anapatsidwa ntchito 12 ndi mfumu Eurystheus, ntchito zoti munthu wamba sangabwereko wamoyo. Ya nambala 10 inali yokalanda ng'ombe zofiira za Geryon. Geryon ameneyu ankakhala pa chilumba cha Erytheia, kumadzulo kwenikweni kolowera dzuwa, kumathero a dziko mmene Agiriki ankalidziwira, cha uko kuli Gibraltar. Za maonekedwe ake olemba akale amasiyana, Hesiod amati anali ndi mitu itatu, ena amati matupi atatu olumikizana, Stesichoros anamupatsa manja 6 miyendo 6 kuphatikizapo mapiko. Bambo ake anali Chrysaor, uja anatuluka pakhosi pa Medusa pamene Perseus ankamudula mutu, mayi ake Kallirhoe. Herakles anawoloka nyanja atakwera chikho chagolide cha Helios mulungu wa dzuwa, atafika anapha galu Orthos, kupha m'busa Eurytion, kenako mwini wakeyo ndi muvi woviikidwa m'magazi a poizoni a njoka ija Hydra, nkukusa ng'ombe ulendo wakwawo. Basi yathera pomwepo. Mwa olemba ambiri Geryon ndi nambala chabe pa mndandanda wa amene ngwaziyo inawagonjetsa.

Nde dzifunseni kuti Geryon analakwa chani? Sanabe cha munthu, sanapute aliyense, anali kwawo ndi ng'ombe zake, wakubayo ndi Herakles koma amene amaimbiridwa nyimbo ndi yemweyo. Ichi nchifukwa chake ine ndimati kuidziwa nthanoyi kumathandiza ngakhale mwachidule chonchi. Carson wamutenga Geryon nkumusandutsa kamnyamata ka masiku ano, kofiira thupi, kokhala ndi mapiko amene kamawabisa m'jekete, ndipo pamene Herakles akutsika basi pa depoti maso awo nkukumana, Geryon sakudziwa kanthu koma inu owerenga mukudziwa kale kuti munthu ameneyu dzina lake limabwera ndi muvi. Mumawerenga zachikondi zawozo mtima uli m'mwamba. M'bukuli samupha ndi muvi, amangomukonda pang'ono nkumutaya, koma ululu wake wolemba waulemba molemera ngati imfa yomwe ija. Amene sadziwa nthanoyo amangoona mnyamata wosweka mtima, amene akuidziwa amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Chingolopiyo

Ine ndinene mosabisa, ndinaliwerenga lonse ndipo mbali zina ndi zokoma zedi, koma funso lanu lomaliza lija a Kadzidzi ndi limene nanenso limandivuta mpaka pano. Malo ambiri mukachotsa kudula mizere kuja nkulumikiza zonse, imakhala nkhani wamba yabwinobwino, palibe chotayika. Mulibe mawu omveka mofanana kumathero a mizere, mulibe muyeso woti nkuuwerenga ndi zala, ndi mzere wautali kenako waufupi, wautali kenako waufupi, kuyambira chaputala 1 mpaka 47. Homer uja, mlakatuli wakale wa Agiriki amene anapeka Iliad, anali ndi muyeso wake weniweni, magawo 6 pa mzere uliwonse, Iliad yonse mizere yoposa 15,000 osaphonya, chifukwa inali yolakatula pagulu ndipo muyesowo unkathandiza wolakatulayo kukumbukira. Apa muyeso ukuthandiza ndani? Ine ndimaona ngati olemba ena amathawira ku ndakatulo pofuna kuti asavutike ndi kumanga anthu ndi malo mokwanira. Mwachitsanzo Herakles wa m'bukuli sitikumudziwa bwino, amangobwera, kuseka, kuchoka. Mu novelo yeniyeni tikanafuna kudziwa chimamupangitsa kukhala choncho nchani. Langizo langa werengani mothamanga basi ngati nkhani, musadzivutitse.

Nachisale

A Chingolopiyo pamenepo sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono, pepani. Tayesani kuwerenga chaputala chimodzi mokweza mawu, osati chamumtima, mumva nokha kuti mizere ija ikugwira ntchito. Mzere wautaliwo umakutengani mpweya wonse, ukatha mumapuma, nde kamzere kakafupiko kamagwera pamalo pamene mwangopuma kumene, ndipo kawirikawiri ndi pamene wolemba amaika chinthu chopweteka. Zili ngati munthu amene akukuuzani nkhani yomuwawa, amayankhula zambirimbiri zozungulira kenako nkukhala chete, nkuwonjezera mawu atatu okha, ndipo atatuwo ndi amene mumapita nawo kunyumba. Mukalumikiza zonse kukhala ndime imodzi, mawu atatu aja amamira pakati pa anzawo.

Taonani chaputala choyambirira chija. Mkulu wake wa Geryon watopa nako kumuperekeza, wamuuza kuti azilowa yekha m'sukulu, koma Geryon njira ya mkati mwa nyumbayo ikumusokoneza, sangathe kudutsa pakhomo lalikulu. Nde amazungulira kunja nkukaima pa zitsamba pafupi ndi zenera la kalasi yake, osagogoda, osakweza dzanja, kungoima chilili ndi kachikwama kake mpaka wina mkatimo amuone. Mu novelo wamba wolemba akanatifotokozera kuti mwanayu ndi wamanyazi, amaopa anthu, akanatchulanso mwina dzina la vuto lake. Apa palibe kufotokoza, angotiimika panja limodzi naye, ndipo malo oyera opanda mawu amene atsala kumanja kwa tsamba amakhala ngati nthawi imene akudikirayo. Kapena paja akuyamba kulemba mbiri ya moyo wake asanadziwe nkulemba komwe, amatenga phwetekere nkumatapo ndudu ya mayi ake, tsitsi lake nkupanga ndi ndalama ya pepala ya madola 10 imene waing'amba kuchokera m'kachikwama ka mayiwo, ndipo mayi ake mmalo momukalipira amangomuuza modekha kuti ulendo wina adzagwiritse ndalama yocheperapo. Ine pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mayi ameneyu ndi yekhayo amene akumuona mwanayu mmene alili. Zatenga mizere yochepa chabe.

Za Herakles zija mukunena zoona kuti sitimudziwa, koma mwaiwala mutu wa bukuli? Ndi mbiri ya wofiirayo, yonenedwa kuchokera mbali yake. Zaka zoposa 2,500 anthu akhala akumvera za Herakles, zimene ankaganiza, zimene anavutika nazo, masewero athunthu analembedwa za iye. Buku limodzi lokha likamusiya kuti aoneke mmene amaonekera kwa munthu amene wamupwetekayo, wowala, wosangalatsa, wosaganiza kawiri, ine sindikuona cholakwika. Munthu amene wakusiya sumamumvetsa, ukanamumvetsa sizikanawawa choncho.

Nde a Kadzidzi yankho langa ndi lakuti musasankhe pakati pa kuthamanga ndi kudekha. Machaputala ake ndi aafupi, ambiri tsamba limodzi kapena awiri atatu. Werengani chaputala chonse ulendo umodzi osaima, pa liwiro limene mungayankhulire, ngakhale pali mzere umene simunaumve upitirireni. Mukafika kumapeto kwake imani pamenepo, ngati pali chimene chakukokani bwererani. Poima ndi pakati pa machaputala, osati pakati pa mizere. Kuiwala nkhani kuja kukubwera chifukwa mukuima malo olakwika.

Kadzidzi_wausiku

Zikomo kwambiri nonse, a Nangondo mwandimasula, sindinkadziwa kuti Herakles ndi amene anali wolowerera kwa eni ake. A Nachisale ndayesa zowerenga mokweza zija ndipo zoona zikusintha, makamaka pokambirana Geryon ndi mayi ake m'khitchini, mawu a anthu alembedwa mopendekeka opanda zizindikiro zija zotsegula ndi kutseka nde ukamawerenga chamumtima umasokonezeka kuti akuyankhula ndani, koma mokweza khutu limadziwa lokha. Koma za masamba oyambirira aja palibe wandiyankha, ndidumphe kapena ayi? Komanso tizidutswa tija ndi ta Stesichoros zenizeni? Chifukwa muli zinthu zina zooneka za masiku ano zimene sindikukhulupirira kuti munthu wa nthawi imeneyo akanazilemba.

Mlauzi_wamkulu

Mwaona bwino mwana wanga, si kumasulira kolunjika ayi. Carson ndi katswiri wa Chigiriki chakale, wa ku Canada, anabadwira ku Toronto mu 1950 ndipo waphunzitsa chinenerochi m'mayunivesite zaka zambiri, nde akamaika zinthu za masiku ano m'kamwa mwa mlakatuli wakale si kuti walakwitsa, akuchitira dala. Akukuzoloweretsani kuti m'buku lino zakale ndi zatsopano zikhala m'chipinda chimodzi.

Koma ndakatulo yeniyeniyo ilipo, ndipo mbiri yake ndi imene imandipangitsa ine kunena kuti musadumphe. Stesichoros anakhala cha m'ma 600 mpaka m'ma 500 Yesu asanabadwe, ku Himera pa chilumba cha Sicily. Analemba ndakatulo yaitali yotchedwa Geryoneis, yoimbidwa, ndipo inatayika kwa zaka mazanamazana, kunangotsala mizere yochepa imene olemba ena anaitchula m'mabuku awo. Kenako ku Egypt, pamalo otchedwa Oxyrhynchus, akatswiri awiri a ku Oxford, Grenfell ndi Hunt, anayamba kukumba m'madzala akale a mzindawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, nkupeza milumilu ya mapepala a gumbwa amene sanaole chifukwa kumeneko ndi kouma. Mwa zimenezo munali tizidutswa ta Geryoneis, tinasindikizidwa mu 1967. Pa kachidutswa kena pali chizindikiro cha mlembi chosonyeza mzere wa 1,300, nde tikudziwa kuti inali yaitali kufika pamenepo kapena kupitirira, koma zimene tingawerenge lero ndi zochepa kwambiri, mawu ena oduka pakati, mizere ina yotsala zilembo ziwiri zitatu.

Tsono chodabwitsa ndi zimene zili pa tizidutswato. Stesichoros, kalekale konseko, anali ataima kale mbali ya Geryon. Muli malo amene Geryon akulingalira ngati iye ndi wosafa monga milungu kapena ndi woti adzafa, ndipo akuti ngati imfa ili yake ndi bwino akumane nayo pano kusiyana nkukhala ndi manyazi. Muli mayi ake Kallirhoe akumudandaulira kuti asapite kukamenyana, akumukumbutsa bere limene anayamwa. Ndipo muvi utalowa pamphumi, mlakatuliyo akuti khosi la Geryon linapendekera mbali imodzi ngati duwa la popi likamayoyola masamba ake. Fanizo limeneli analitenga kwa Homer, mu Iliad muli mnyamata wa ku Troy, mwana wa mfumu, dzina lake Gorgythion amene akufa mutu utawerama ngati duwa lomwelo. Tangoganizani, fanizo limene Homer analisungira mwana wa mfumu, Stesichoros akulipereka kwa chilombo cha mapiko. Nde Carson sanayambitse yekha zomvera chisoni Geryon, anazipeza m'mabwinja, iye anangopitiriza pamene gumbwa anang'ambikira.

Apa ndi pamene ndikufuna kuwayankhanso a Chingolopiyo. Gwero la bukuli ndi ndakatulo yong'ambika, yokhala ndi mipata paliponse. Mukailemba ngati novelo yodzaza bwino, chilichonse chofotokozedwa, mwanama, mwaonetsa ngati tikudziwa zonse pomwe sitikudziwa. Mizere yodukayo ndi machaputala odumphadumpha aja zikusunga mipata imene nkhaniyi inafika nayo kwa ife. Owerenga amayenera kulumikiza okha, mmene amachitira amene amagwira tizidutswa ta gumbwa tija.

Za Helen zija ndi nthano imene akale ankanena za Stesichoros mwini wake, Plato anaitchulanso mu Phaedrus. Akuti analemba zomunyoza Helen kuti ndi amene anayambitsa nkhondo ya ku Troy, nkuchita khungu. Atazindikira chifukwa chake analemba ndakatulo ina yobweza mawu, kunena kuti nkhani ija si yoona, Helen sanakwere zombo ndipo sanafike ku Troy, maso ake nkutseguka. Carson waiika kutsogolo chifukwa buku lonse likukamba za kuona, ndani akuona ndani, ndipo nkhani imene aliyense amaidziwa ikhoza kubwezedwa nkunenedwa mwina. Geryon akakula amakhala wojambula zithunzi, amayenda ndi kamera paliponse, machaputala akumapeto ambiri ndi zithunzi zimene akujambula. Mukafika kumeneko mudzakumbukira masamba oyambirirawa. Ngati akukulemerani lero awerengeni mopepuka, musalimbane nawo, koma mukamaliza buku mubwerere, ndipo kumapeto kulinso kucheza kongopeka ndi Stesichoros kumene kumamveka bwino ngati munadutsa koyambako.

Chingolopiyo

A Mlauzi za mipata zija ndazimva ndipo ndi mfundo yolemera, sindinaiganizirepo motero. Komabe mbali ya ku Buenos Aires ija, Geryon ali ndi zaka 22 akukhala m'malo omwera khofi nkumakamba za nthawi ndi anthu a filosofi, ine ndimaonabe kuti pamenepo ndakatulo inachepa mphamvu, ndi nkhani wamba yovala mizere. Imadzukanso akakumana ndi Herakles ndi Ancash, chibwenzi chatsopano cha Herakles, nkupita ku Peru. Nde a Kadzidzi mukafika pakati nkuona ngati yazizira musadabwe, pitirizani, kutsogoloko kuli moto.

Nachisale

Apo pokha tikhoza kugwirizana pang'ono, pakati pamayenda pang'onopang'ono, ngakhale ine ndimaona kuti ndi dala chifukwa munthuyo ali yekhayekha mumzinda wachilendo ndipo masiku sakuyenda. Musaiwalenso chithunzi cha agogo ake a Herakles chija, cha phiri lophulika moto, chimene anachijambula atasiya kamera yotsegula kwa mphindi 15 kuti zonse zoyenda zilowe m'chithunzi chimodzi chosayenda. Geryon chimamuvutitsa maganizo chithunzi chimenecho, ndipo mafunso a nthawi a ku Buenos Aires aja akuchokera pamenepo, sanangogwa kumwamba.

Chinthu china a Kadzidzi chimene palibe wanena ndipo ndi bwino mudziwiretu, kapena mwadutsapo kale. Koyambirira kuli malo amene mkulu wake amamuchita nkhanza zogonana Geryon ali wamng'ono. Sizinalembedwe mwatsatanetsatane koma zimawawa, ndipo ndi pamene mwanayo amayamba kusiyanitsa zamkati mwake ndi zakunja nkuganiza zolemba zamkati zokhazokha. Ngati mukufuna kubwereka bukuli kwa wina, makamaka wachichepere kapena amene zoterezi zinamuchitikirapo, muuzeni kaye. Komanso chikondi cha m'bukuli ndi cha anyamata awiri, wolemba sakuchibisa ndipo sakuchitenga ngati chinthu chofuna kufotokozedwa, chimene chikumusiyanitsa Geryon ndi anthu ena m'maso mwake ndi kufiira kuja ndi mapiko.

Nangondo

Mukamaliza limeneli nkuona kuti mtundu uwu wa zolemba wakukomerani, pali lina lotsatira la wolemba yemweyo, Red Doc> la mu 2013, anthu ake ndi omwewo atakula koma mayina asintha ndipo mizere yake yaikidwa mopanikiza pakati pa tsamba, ndi lovutirapo, musayambire limenelo. Koma kwa a Chingolopiyo amene mukufuna muyeso womveka ndi anthu omangidwa mokwanira, yesani Omeros ya Derek Walcott, ya mu 1990, iye analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Ndime zake ndi za mizere itatuitatu ndipo mawu akumathero amayankhana. Watenga mayina a kwa Homer nkuwapatsa anthu wamba a pa chilumba cha St Lucia, Achille ndi Hector ndi asodzi amene akulimbirana mkazi dzina lake Helen, Philoctete ali ndi bala la pamwendo losapola ngati mnzake wa m'nthano uja anasiyidwa pa chilumba cha Lemnos. Ndi lalitali kwambiri kuposa la Carson ndipo limafuna kuleza mtima, koma njira yowerengera ndi yomweyo anena a Nachisale, chaputala chonse ulendo umodzi kenako kupuma.

Kadzidzi_wausiku

Malo a mkulu wake aja ndadutsapo kale a Nachisale, ndinatseka buku kaye pamenepo, zikomo pochenjeza ena amene awerenge pano. Ndabwerera koyamba ndawerenganso tizidutswa tija nditamva za gumbwa ndi za mayi ake Kallirhoe, tsopano ndikuona kumene mayi wosuta ndudu uja wachokera. Pano ndili pamene Geryon wapita kwawo kwa Herakles kukaona phiri lija. A Mlauzi ndifunsenso chimodzi, tizidutswa tenitenito ta Stesichoros, topanda zowonjezera za Carson, tinamasuliridwa m'Chingerezi moti munthu wosadziwa Chigiriki nkuwerenga?

Mlauzi_wamkulu

Eya tinamasuliridwa. Fufuzani mabuku a Loeb Classical Library, gulu lotchedwa Greek Lyric, voliyumu 3, womasulira ndi David Campbell. Chigiriki chili tsamba lakumanzere Chingerezi lakumanja, ndipo pamene gumbwa anang'ambika amaika timadontho kapena mawu ongoganizira m'mabulaketi, nde mudzaona ndi maso anu kuchuluka kwa zimene zinatayika. Geryoneis yonse yotsalayo ndi masamba ochepa, mukhoza kuimaliza pa kukhala kumodzi. Malaibulale a mayunivesite amene amaphunzitsa zakale za Agiriki ndi Aroma nthawi zambiri amakhala nalo. Koma malizani kaye la Carson.